Misozi ya Maria Schneider inali yeniyeni

Mu Disembala 2024, nyumba yosungira mafilimu ya Cinémathèque française ku Paris inasiya kuonetsa filimu ya Last Tango in Paris omenyera ufulu wa amayi atadandaula. Mlandu wake ndi wakale: unayamba mu 1972, tsiku lina lojambula.

Osewera akulu mufilimuyo anali Maria Schneider wa zaka 19 ndi Marlon Brando wa zaka 48, ndipo wotsogolera anali Bernardo Bertolucci wa ku Italy. M'mawa akudya, amuna awiriwa anapangana kuti pa gawo lomwe mwamuna amagwirira mkazi, Brando agwiritse ntchito batala pa thupi la Maria. Mwini thupi sanamufunse. Kugonanako kunali kongoyerekezera, koma misozi yomwe kamera inajambula inali yake yeniyeni.

Mboni zimasiyana. Mu 2007 Maria anauza nyuzipepala ya Daily Mail kuti gawolo silinali m'zolemba zoyambirira, kuti anamuuza atatsala pang'ono kujambula, ndipo anamva ngati onse awiri amugwirira. Mu 2013, pa wailesi ya kanema ku Netherlands, Bertolucci anavomera kuti anabisa dala pofuna kuti manyazi a mtsikanayo akhale enieni, osati osewera. Mawuwa atafala mu 2016, anasintha pang'ono: akuti Maria anawerenga gawo lonse, chachilendo chinali batala yekha. Brando anamwalira mu 2004, nkhaniyi isanaphulike. Ine ndimatsamira mawu a 2013, chifukwa anawalankhula popanda womukakamiza.

Ku Italy khothi linalamula kuti filimuyo iwonongedwe, ndipo Bertolucci analandidwa ufulu wovota kwa zaka 5, koma chifukwa chake chinali zolaula, osati zomwe zinachitikira Maria. Amuna aja anasankhidwa kupikisana pa mphotho zotchuka za mafilimu za Oscar. Maria analowa m'mankhwala ozunguza bongo, ndipo otsogolera ena ankangofuna kumuvula. Komabe mu 1975 anasewera bwino kwambiri ndi Jack Nicholson mu The Passenger ya wotsogolera wa ku Italy Michelangelo Antonioni, filimu yomwe ankainyadira.

Maria anamwalira ndi khansa pa 3 Febuluwale 2011, ali ndi zaka 58. Msuweni wake, mtolankhani Vanessa Schneider, analemba buku la moyo wake mu 2018, ndipo Jessica Palud anapangapo filimu mu 2024.