"Wagunda mpira kaye": mkangano wakale kuposa Bullets ndi Wanderers

Mkangano wabukanso m'maminibasi ndi pa wailesi, monga umachitira nthawi zonse Bullets ndi Wanderers zikakumana pa bwalo la Kamuzu. Wotseka kumbuyo watsetsereka, wachotsa mpira, koma jombo yapitirira n'kukatera pa msongolo wa mnzake. Woyimbira watulutsa khadi lofiira. Ena akuwomba m'manja, ena ku mbali ya bwalo yotchedwa Biafra akukuwa kuti, "Wagunda mpira kaye!" Wanderers ndi ya 1962, Bullets ya 1967, koma mkanganowu unalipo kale zisanabadwe.

Mu 1863, pomwe makalabu a ku England ankagwirizana malamulo oyamba a mpira ku London, nkhani yomwe inawagawanitsa inali yomweyi: kodi n'kololedwa kumenya mnzako theche pa msongolo? Woimira kalabu ya Blackheath anaumirira kuti kuletsa zimenezi n'kuchotsa chamuna m'masewero. Anagonja, kalabu yake n'kutuluka, kutsata njira yomwe inadzakhala rugby. Dzina la mkuluyo linali Francis Maule Campbell. Ochemerera Maule asandikwiyire, mayina angofanana.

Zaka zambiri zotsatira palibe chachikulu chinasintha. Woyimbira analowa m'bwalo mu 1891, chaka chomwe penate inabwera. Makadi anachedwa kwambiri. Pa World Cup ya 1966, Antonio Rattín wa Argentina anatulutsidwa ndi woyimbira wa ku Germany, awiriwo osamvana chiyankhulo, ndipo anakanirira m'bwalo kwa mphindi zingapo. Ken Aston, yemwe ankayang'anira oyimbira, anatengera nzeru pa maloboti a pamsewu, ndipo khadi lachikasu ndi lofiira anayamba kugwira ntchito ku Mexico mu 1970.

Akuluakulu omwe anaonera Malawi ikutenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 amati mpira wa masiku amenewo unali wa amuna, munthu akagwa ankadzuka n'kusasa fumbi. Ndimawakhulupirira, chifukwa lamulo la nthawiyo linkalekerera zambiri. Koma ndaona kuti akayamba kutchula mayina, amatchula zigoli za Kinnah Phiri, njomba za Lawrence Waya, ndi momwe Jack Chamangwana ankaimira kumbuyo. Palibe amene amakumbukira mosangalala mnyamata yemwe anasiya mpira bondo litathyoka. Chomwe chinawatsalira m'mutu ndi luso, si matheche.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Marco van Basten wa AC Milan, yemwe otseka kumbuyo ankamuponda chidendene masewero aliwonse, anasewera komaliza mu 1993 ali ndi zaka 28 zokha, akakolo atatheratu. Mu 1998, World Cup ya ku France isanayambe, bungwe lokonza malamulo la IFAB linalamula kuti kulowa mnzako chakumbuyo moika moyo wake pachiswe ndi khadi lofiira. Mu 2005 linachotsanso mawu oti chakumbuyo: kaya wachokera kutsogolo kapena m'mbali, chilango ndi chomwecho. Apa ndi pomwe "wagunda mpira kaye" anathera mphamvu. Lamulo 12, lokhudza mafaulo, lero limamufunsa woyimbira mafunso ena. Ngati wosewera wangolowa mosasamala, ndi faulo basi. Ngati walowa osalabadira kuti mnzake avulala, khadi lachikasu. Ngati mphamvu zapitirira muyezo, monga kudumpha miyendo yonse iwiri, misomali ya jombo itayang'ana m'mwamba, khadi lofiira, ngakhale mpira augunde. Kulimbana phewa ndi phewa mpira uli pafupi sikunaletsedwe, ndipo amene amati mpira wasanduka netibo apa amakokomeza.

Vuto n'lakuti lamulo linasintha m'buku, koma ambirife tinaphunzira mpira ndi chikulunga pa fumbi, pomwe faulo inkadziwika ndi kulira kwa wogwayo. Oyimbira athu amaphunzitsidwa buku lomwelo lomwe anzawo akunja amatsata. Bernadettar Kwimbira, wothandizira woyimbira wa kuno kwathu, sakanakweza mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019 akanakhala kuti kuno tili ndi malamulo athuathu. Ochemerera amati oyimbira sachita zofanana, lero khadi, mawa faulo yomweyo aisiya. Pamenepo ali ndi mfundo. Woyimbira akalekerera matheche awiri oyamba poopa kuononga masewero, lachitatu limakhala lobwezera, ndipo khadi likatuluka mochedwa limaoneka ngati kukondera. Koma akatulutsa msanga, bwalo lomwelo limati wapha masewero.

Ndinaona izi pafupi pa bwalo lina la fumbi ku Ndirande, pa mpikisano wa matimu a m'dera. Mnyamata wowonda wa kuphiko anali atamudyetsa njomba womutseka kawiri konse, anthu akuseka. Ulendo wachitatu wotsekayo anabwera ndi miyendo yonse. Mpira unauluka kukagwera kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, ndipo mnyamatayo anatsala pansi atagwira akakolo, alibe n'zotchinga pa msongolo zomwe. Woyimbira, bambo wachikulire wovala malaya otuwa, anapisa dzanja m'thumba. Nthawi yomweyo anthu anadzaza m'bwalo, chifukwa panalibe mpanda kapena wapolisi.

"Bambo, mwaona bwinobwino? Mpira uli uko!" anatero mkulu wina akuloza kwa amayi aja.

"Mpira ndauona, achimwene. Mwendo uwu mwauona?"

Anatulutsa lofiira, dzanja likunjenjemera pang'ono. Masewero anaima pafupifupi kota ya ola. Wovulalayo anamukweza pa kabaza, jombo imodzi ili m'manja, ndipo woyimbirayo atamaliza masewero anadzera njira ya kuseri kwa tchalitchi.