Purosesa kukwana pa soketi si ndiye kuti igwira ntchito

Anthu ambiri amakhulupirira kuti purosesa (ubongo wa kompyuta) yatsopano ikangokwana pa soketi (malo oilumikizira) ya bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta, basi, kompyuta yakale ija yatsitsimuka. Si zoona, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona anthu akutaya ndalama chifukwa cha maganizo amenewa.

Taonani soketi ya kampani ya Intel yotchedwa LGA 1151. Mapurosesa a m'badwo wa 6, 7, 8 ndi 9 onse amakhala bwinobwino pa soketi imeneyi. Koma ikani ya m'badwo wa 8 pa bolodi yokhala ndi chipset (kachipangizo kolumikizitsa purosesa ndi zipangizo zina) ya gulu la 100 kapena 200, muyatse: sikirini ingokhala bii. Pamafunika chipset ya 300. Nthawi zina bolodi imakhala yoyenera koma BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yoyatsira kompyuta) ndi yakale, siikumudziwa mlendoyo. Zikatero yambani mwaika BIOS yatsopano purosesa yakale ikadali pompo, chifukwa mukaichotsa kaye mudzasowa poyambira.

Ndiye palinso Windows. Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo cha kompyuta), ndipo mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wa 7 kutsika m'munsi sali pa mndandanda wovomerezeka. Ofuna kukhalabe ndi Windows 7 nawonso ali ndi vuto lawo, poti mu 2017 Microsoft idatseka ma update ake pa makompyuta okhala ndi purosesa ya m'badwo wa 7.