Kodi masewera onola ubongo amathandizadi mwana kusukulu?

Mwana wa Sitandade 4 akauzidwa kuti aphatikize 47 ndi 38 pamtima, amayamba ndi 7 ndi 8, n'kupeza 15. Kenako asunge 5, asungenso 1, ndiye abwerere ku 4 ndi 3. Akangoiwala 1 uja, yankho limatuluka 75 m'malo mwa 85. Masamu akuwadziwa, koma kanthu kamodzi kamupulumuka m'mutu ali pakati pa ntchito.

Mphamvu yosunga zinthu m'maganizo kwa masekondi ochepa uku ukuzigwiritsa ntchito, akatswiri amaitcha working memory. Ili ngati chikhatho: ukatapa mtedza wambiri, wina umagwa. Mu 1956 George Miller analemba kuti munthu amagwira zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi, koma mu 2001 Nelson Cowan anaonetsa kuti kawirikawiri zimakhala 4 zokha. Funso lomwe lavutitsa ofufuza kwa zaka zoposa 20 ndi ili: kodi chikhathochi chingakulitsidwe?

Chiyembekezo chinakula mu 2005, pomwe Torkel Klingberg wa ku Karolinska Institute ku Stockholm anafalitsa zotsatira za ana omwe amavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Pulogalamu yake ya pakompyuta, yotchedwa Cogmed, imatenga masabata 5, masiku 5 pa sabata, mphindi 30 mpaka 45 tsiku lililonse. Mu 2008 Susanne Jaeggi ndi anzake anabwera ndi masewera otchedwa dual n-back. Umamva zilembo zikutchulidwa chimodzichimodzi, monga K, M, K, ndipo umadina batani ngati chilembo chatsopano chikufanana ndi chomwe chinatchulidwa kawiri kumbuyo. Nthawi yomweyo umayang'anira kabokosi komwe kakusunthasuntha pasikirini. Ukakhoza, masewerawo amakukankhira katatu kumbuyo, kenako kanayi. Iwo ananena kuti anthu omwe anachita izi kwa masiku 8 mpaka 19 anakhoza bwino mayeso a kaganizidwe.

Vuto linali pa kayerekezedwe. Mu kafukufuku wa Jaeggi, gulu lomwe ankaliyerekeza ndi osewerawo silinkachita chilichonse. Munthu amene wabwera tsiku ndi tsiku, akulimbikitsidwa, akukhulupirira kuti ubongo wake ukunoledwa, amalimbikira kwambiri pa mayeso omaliza kuposa yemwe anangokhala kunyumba. Thomas Redick ndi anzake atabwereza kafukufukuyu mu 2013, anapatsanso gulu lina masewera ovuta omwe sakhudza working memory. Osewera n-back anapita patsogolo pa n-back, koma pa mayeso a kaganizidwe panalibe kusiyana. Ku Britain, Adrian Owen mogwirizana ndi BBC anayesa anthu 11,430 kwa masabata 6 mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2010, ndipo anapeza zomwezo.

Kwa makolo ndi aphunzitsi, kafukufuku wolemera kwambiri ndi wa ku Melbourne ku Australia, wofalitsidwa mu 2016. Anatenga ana 452 a zaka 6 mpaka 7 omwe working memory yawo inali yofooka, theka n'kuwapatsa Cogmed. Patatha zaka ziwiri, pa kuwerenga, kulemba ndi masamu sanapose anzawo aja. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi ya masewerawo inkachotsedwa pa nthawi ya m'kalasi. Chaka chomwecho boma la America linalipiritsa kampani ya masewera onola ubongo otchedwa Lumosity madola 2 miliyoni chifukwa cholonjeza zomwe inalibe nazo umboni.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa wophunzira wina wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America yemwe nkhani yake inafalitsidwa mu 1980. Atayeserera kwa maola oposa 230, manambala omwe ankatha kukumbukira atangowamva kamodzi anachoka pa 7 kufika pa 79. Iye anali wothamanga, ndiye ankamanga manambalawo m'magulu ngati nthawi za mipikisano ya liwiro. Atamupatsa zilembo, anagwira pafupifupi 6 basi. Chikhatho sichinakule, anangophunzira kumanga mtedza m'timapaketi.

Apa ndiye pali chothandiza chenicheni. Mwana amene waloweza kuti 7 ndi 8 ndi 15 sawononga malo m'mutu powerenga zala, choncho 1 uja samutaya. Mphindi 10 tsiku lililonse zoloweza kuphatikiza ndi matebulo zimapindula kuposa pulogalamu ya pafoni yodya bandulo.

Kachiwiri, chepetsani katundu. Mphunzitsi akanena kuti "tsegulani tsamba 32, lembani deti, jambulani mzere, yankhani funso 1 mpaka 5", mwana wofooka amatsegula buku n'kuyamba kuyang'ana kwa mnzake. Ambiri amamuyesa wamwano kapena waulesi, pomwe malangizo atatu omalizawo amuthawa. Perekani awiri, auzeni abwereze pakamwa, enawo muwalembe pabolodi. M'kalasi ya ana 100 simungamufikire aliyense, koma bolodi amaliona onse. Pa masamu, muloleni alembe nambala yomwe wasunga pamwamba pa mzere.

Kwa amene akukonzekera mayeso a JCE kapena MSCE, njira yomwe ili ndi umboni wolimba ndi kudzifunsa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapeza kuti patatha sabata, omwe anawerenga kamodzi n'kudziyesa katatu anakumbukira 61 peresenti ya nkhani, pomwe omwe anangobwereza kuwerenga anakumbukira 40. Msampha wake ndi wakuti patangotha mphindi 5, obwereza kuwerenga aja ndi omwe anakhoza bwino, n'chifukwa chake ophunzira amaikonda njira imeneyo. Werengani tsamba, tsekani kope, lembani zomwe mukukumbukira, ndiye mutsegule kuti muone zomwe mwasiya. Bwerezani mawa lake, kenako patatha masiku atatu, kenakonso patatha sabata.