Otsatsa waya waminga ndi anthu omwe anatsekeredwa kunja

Mu November 2024 zinakwana zaka 150 chilandirire Joseph Glidden, mlimi wa ku DeKalb m'chigawo cha Illinois, chiphaso cha boma la America chotsimikiza kuti luso la waya wake waminga ndi lake. Dzina lotchuka ndi lakelo, koma ine ndimaona kuti omwe anasintha zinthu ndi otsatsa malonda.

Eni ng'ombe a m'chigawo cha Texas sankaufuna wayawu. Ankati kawaya kowonda sikangaimitse ng'ombe zawo za nyanga zitalizitali, ndipo zikadzicheka zidzachita zilonda. Ndiye mnyamata wina wotsatsa, John Warne Gates, anamanga khola la wayawo pabwalo la pakati pa mzinda wa San Antonio ku Texas komweko, n'kukusiramo ng'ombe zolusa, khamu la anthu likuonerera. Ng'ombe zija zinathamangira mpanda, minga n'kuzilasa, zinabwerera, zinayesanso, mapeto ake zinangoima phee. Akuti Gates ankalengeza kuti wayawo ndi wopepuka kuposa mpweya, wamphamvu kuposa mowa wa whisky, wotchipa kuposa fumbi. Mabuku ambiri amati zinachitika mu 1876, koma olemba mbiri amasiyana pa bwalo lenilenilo, ndipo nkhaniyi inafala kwambiri Gates atalemera kale. N'kutheka kuti inakometseredwa. Chosatsutsika n'chakuti malonda anakwera modabwitsa m'zaka zochepa zotsatira.

Alimi a m'zidikha zopanda mitengo ankauzidwa kuti mpanda uwu sudya malo, suphimba mbewu ndi mthunzi, ndipo chipale chofewa sichiunjikana pa iwo. Makampani a njanji nawo ankafuna mpanda chifukwa sitima ikagunda ng'ombe ankalipitsidwa, pomwe mpanda wa matabwa unkapsa ndi moto wothetheka kuchokera ku injini.

Zomwe otsatsa sankanena ndi za munthu wa ng'ombe zochepa, wopanda malo akeake, yemwe ankadyetsa pa msipu wa aliyense. Olemera anatchinga madambo ndi madzi, ena mpaka malo a boma ndi misewu. Chilala cha 1883 chitavuta, anthu anayamba kudula mipanda usiku kuti ziweto zawo zimwe. Mu 1884 nyumba ya malamulo ya Texas inagamula kuti wodula mpanda azimangidwa chaka chimodzi mpaka zisanu, koma wotchinga malo omwe si ake mlandu wake unali waung'ono.