Kufunsa lisiti si kutcha munthu wakuba

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti ukafunsa mnzako wa kuntchito mmene ndalama kapena katundu wayendera, ndiye kuti wamutcha wakuba. Ndatopa nawo maganizo amenewa, chifukwa si zoona.

Kufunsa kumalunjika pa ntchito: tinagwirizana zotani, chachitika n'chiyani, tikonza bwanji? Kuloza chala kumangosaka munthu woti asenze mlandu. Taonani msungichuma wa banki m'khonde. Akatsegula kope pamaso pa gulu, ndalama n'kuwerengedwa pamphasa aliyense akuona, iyeyo ndiye amapita kwawo mtima uli m'malo. Tsiku logawana palibe amene angamujede. Ndaonapo anthu okhulupirika akudedwa popanda chifukwa, kaamba koti chaka chonse palibe anawafunsa kanthu, mpaka malisiti anasowa.

Mukamva kuti uje "akufufuzidwa", musathamangire kutumiza pa WhatsApp. Funsani kaye: kodi funsolo limapita kwa aliyense mwezi ndi mwezi, kapena lapita kwa iye yekha zinthu zitavuta? Anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake? Onani malamulo a gulu ndi zomwe mlembi analemba pamsonkhano. Ngati simunaone zolembedwazo, nkhaniyo ithere pa inu.