Khonsolo ya Mangochi itakongola kudzera m'bondi, ingabweze ndi ndalama ziti?

Bondi ndi chikalata cha ngongole. Khonsolo ikafuna ndalama zambiri pakamodzi, zoti imangire msika, depoti ya basi kapena ngalande, itha kuigawa ngongoleyo m'zidutswa n'kugulitsa kwa ambiri m'malo mokagogoda kubanki imodzi. Ogula amakhala makampani a penshoni, a inshulansi ndi mabanki. Pachikalatapo pamalembedwa ndalama zomwe zakongoledwa, chiwongoladzanja chomwe chiziperekedwa, kawirikawiri pa miyezi 6 iliyonse, komanso tsiku lodzabweza ndalama yonse. Mzinda wa Johannesburg udayamba kugulitsa mabondi ake mu 2004, ndipo Ahmedabad ku India idatero mu 1998.

Wogula bondi sakopeka ndi kukongola kwa msika womwe wajambulidwa papulani. Iye amafuna kuona ndalama zomwe zimalowa m'thumba la khonsolo mwezi ndi mwezi, ndipo apa ndi pomwe tauni yaing'ono imapunthwa.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Khonsolo yakongola K2 biliyoni kwa zaka 5 pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Musaone ngati takokomeza: mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti, ndipo palibe angakongoze khonsolo motchipa kuposa momwe akukongozera boma pogula ma Treasury bill, zikalata za ngongole ya boma ya nthawi yochepa. Chiwongoladzanja chokha ndi K500 miliyoni pachaka. Kuti tsiku lobweza lisadzawapeze chimanjamanja, akuyeneranso kupatula K400 miliyoni chaka chilichonse n'kuisunga m'thumba lapadera losakhudzidwa. Zonse pamodzi K900 miliyoni pachaka. Tsono tinene kuti wogulitsa aliyense wa mumsika amadula chiphaso cha K500 patsiku, masiku 300 pachaka. Pafunika ogulitsa 6,000 olipira tsiku lililonse osaphonya kuti ndalamayo ikwane, musanalipire osesa, alonda ndi otolera ziphasowo. Okongoza nawo sakhutira ndi ndalama yongokwanira ndendende. Ambiri amafuna kuona zotsala za khonsolo zikuposa ngongole ya pachaka ndi theka lina, kutanthauza K1.35 biliyoni m'chitsanzo chathuchi.

Ambiri amati Mangochi ndi yolemera, ndipo sakunama. Kuli chambo, usipa ndi utaka, kuli alendo odzaona nyanja, malonda odutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, kuphatikiza ndalama zomwe ana athu a ku Joni amatumiza n'kumangira nyumba. Koma chuma cha dera ndi thumba la khonsolo ndi zinthu ziwiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1 miliyoni m'boma la Mangochi, pomwe m'tauni mwenimwenimo adangopitirira pang'ono 50,000. Malo ambiri ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, ali kunja kwa malire a tauni. Misonkho ikuluikulu imapita ku MRA. Ndalama za madzi, zomwe m'maiko ena ndizo zimabweza mabondi a mizinda, kuno zimapita ku Southern Region Water Board, za magetsi ku ESCOM. Khonsolo imatsala ndi mareti a nyumba ndi malo, ziphaso za m'misika ndi padepoti, malayisensi a bizinesi, ndi thandizo lochokera kuboma, lomwe lambiri limabwera litauzidwa kale ntchito yake.

Mwa zonsezi, mareti ndiwo msana. Lamulo limafuna kuti mtengo wa nyumba ndi malo uziunikidwanso pa zaka 5 zilizonse. Kaundula wa mitengoyo akakalamba, nyumba yosanja yomangidwa dzana siipezekamo, ndipo sitolo yomwe idali ya chipinda chimodzi imalipirabe ngati kale ngakhale pano ili ndi zipinda khumi. Chinanso, kutumiza bilu ndi kulandira ndalama sizofanana. Wogula bondi amafunsa kuti pa K100 iliyonse yomwe idalembedwa pabilu, zingati zidafikadi kubanki zaka zitatu zapitazi. Ngati yankho lili m'munsi mwa theka, nkhani yathera pomwepo. Kumsikanso ndalama imadontha panjira: chiphaso chimodzi kugulitsidwa kawiri, kapena wogulitsa kupereka theka m'manja osalandira kapepala. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kumachepetsa zimenezi chifukwa ndalama siigona m'thumba mwa munthu.

Palinso vuto la nyengo. Bondi siidziwa kuti mwera wawomba ndipo asodzi sadalowe m'madzi, kapena kuti boma latseka nyanja kuti nsomba ziswane. Tsiku lolipira likakwana lakwana. Madzi akasefukira, monga zidachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023 komanso nyanja itakwera mu 2024, malonda amatsika nthawi yomweyo yomwe khonsolo ikufunika kukonza misewu. N'chifukwa chake pangano labwino limakhala ndi thumba lachiwiri losungamo ndalama yolipirira miyezi 6 kapena chaka, komanso akaunti yoyang'aniridwa ndi banki yapadera, momwe ziphaso za msika watsopanowo zimafikira kaye zisanapite kwina.

Ngongole ya m'madola isayerekezedwe n'komwe. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe wogulitsa tomato amalipirabe chiphaso m'makwacha. Kugwa komweko kumakweza simenti ndi zitsulo, choncho ntchito ikachedwa chaka chimodzi mutha kutsala ndi msika wopanda denga chiwongoladzanja chikuwerengedwabe. Ndalama ya bondi ipite ku chinthu chobweretsa ndalama, ndipo pulani, malo ndi kontrakitala zikhale zokonzeka isanalowe. Kukongola kuti mulipire malipiro a antchito kapena ngongole zakale ndi katapila wovala suti.

Njira yake ndi yaitali ndithu. Makhansala avomereze pamsonkhano wa khonsolo yonse, mabuku a zaka zingapo akhale ataunikidwa ndi Auditor General popanda mafunso aakulu, unduna wa maboma aang'ono ndi wa zachuma ulole, kenako chikalata chofotokoza zonse kwa ogula chidutse ku Reserve Bank, ndi ku Malawi Stock Exchange ngati bondiyo izigulitsidwa kumeneko. Chilolezo cha boma chipezeke molembedwa pachiyambi pomwe: mzinda wa Dakar ku Senegal udakonza zonse mu 2015, boma n'kuimitsa patatsala masiku ochepa. Maloya, owerengera ndalama ndi okonza malondawo amalipidwa ngakhale bondi ikhale yaing'ono, ndiye tauni ngati Mangochi ingapindule kwambiri itaphatikizana ndi makhonsolo ena monga Kasungu ndi Luchenza n'kugulitsa bondi imodzi. Ku Tamil Nadu, India, matauni ang'onoang'ono adachita zotere mu 2002 pomanga zamadzi, ndipo boma lawo lidaikapo thumba lotchinjiriza kuti tauni imodzi ikalephera kulipira ogula asataye ndalama.