Kodi wojambula azilipiradi Lightroom ndi Photoshop?

Wojambula akangogula kamera yake yoyamba, posakhalitsa amafunsa ngati ayambe kulipira Lightroom ndi Photoshop, mapulogalamu okonzera zithunzi pa kompyuta, kapena azingogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere. Ine ndimamufunsa kaye kuti amakonza zithunzi zingati pa sabata, chifukwa chimene munthu amagula pa mapulogalamu odulawa kwenikweni ndi nthawi. Kukongola kwa chithunzi kumapezekanso kwaulere.

Photoshop inatuluka mu 1990, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankaigula kamodzi n'kukhala yake. Mu 2013 kampani ya Adobe, mwini wake wa Photoshop ndi Lightroom, inasiya zimenezi n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi, ndiye masiku ano munthu amangochita lendi. Kwa nthawi yaitali Lightroom ndi Photoshop pamodzi zinali madola 9.99 pamwezi, koma kumayambiriro kwa 2025 anasiya kupereka mtengo umenewu kwa olembetsa atsopano. Mukasiya kulipira, Lightroom Classic, mtundu wa Lightroom wosunga zithunzi pa kompyuta yanu, imakuonetsanibe zithunzi zanu, koma gawo lokonzera limatsekeka. Palinso msampha wina: mukalembetsa chaka chathunthu cholipira mwezi uliwonse, n'kufuna kusiyira panjira, amakudulani theka la ndalama zotsalazo. Mu June 2024 boma la America linasumira Adobe ponena kuti chindapusa chimenechi sankachionetsa bwino kwa makasitomala. Kwa ife kuno ndalamazi zimachoka m'madola kudzera pa khadi ya kubanki, ndipo amene ankalipira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anaona yekha mmene lendi yomweyo inalemerera usiku umodzi.

Taganizani za ukwati wa Loweruka. Mkwatibwi wavala diresi loyera mbee, dzuwa lili paliwombo, mkwati ali mu suti yakuda. Mukatchera kamera kuti nkhope zioneke, diresi limapserera, mikanda ndi leseni zonse n'kusanduka chigamba choyera. Mukasamala diresi, nkhope zimada bii. Chimene chimakupulumutsani apa ndi kujambula mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga chithunzi chisanakonzedwe ndi kamera. Chithunzi wamba cha JPEG chimasunga magawo 256 a kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya 14-bit imasunga magawo 16,384. Ndiye mukafika pa kompyuta mumatha kutsitsa kuwala kwa diresi, kudzutsa nkhope, n'kuchotsa ubuluu umene tenti yaponya pa khungu la alendo. Ntchito imeneyi mapulogalamu a darktable ndi RawTherapee amaigwira bwinobwino osalipira kanthu. Ngakhale opanga makamera amapereka awo kwaulere: Canon ali ndi Digital Photo Professional, Nikon ali ndi NX Studio. Ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo.

Pamene Lightroom imabwezadi ndalama ndi pa mulu wa zithunzi. Mwachokera ku ukwati ndi zithunzi mazanamazana, eni ake akuimba foni Lolemba m'mawa, Loweruka likubwerali muli ndi chinkhoswe. Mumakonza chithunzi chimodzi cha mu tenti, n'kukopera makonzedwe omwewo pa zonse zojambulidwa pamalopo. Pulogalamuyi imazindikira yokha munthu, nkhope kapena thambo, moti mumawalitsa nkhope osakhudza diresi popanda kuzunguliza ndi dzanja. Kuyambira mu 2023 ilinso ndi chida chochotsera timadontho timene timadzaza chithunzi mukajambula mu holo yamdima nthawi ya perekaniperekani. Darktable nayo imakopera makonzedwe, koma kuiphunzira kumafuna kuleza mtima, ndipo woyamba kumene amasokonezeka ndi kuchuluka kwa zosankha. Ngati mumajambula maukwati sabata ndi sabata, maola amene mungapulumutse pa ntchito imodzi amakwanira kulipira mweziwo. Ngati mumajambula kamodzi pa miyezi iwiri, mukulipirira nyumba imene simugonamo.

Photoshop payokha ojambula ambiri saifuna monga amaganizira. Ndi ya kuchotsa waya wamagetsi kumbuyo kwa mutu, kuphatikiza zithunzi, kupanga zikwangwani. GIMP, yomwe ndi yaulere, imachita zambiri mwa izi. Wojambula ndi foni, Snapseed imamukwanira.

Tisabisane, ambiri amagwiritsa ntchito Photoshop yakuba yoikidwa ndi mnzawo kuchokera pa flash. Kupatula kuphwanya lamulo, mapulogalamu oterewa amatha kubwera ndi mavairasi, komanso salandira zatsopano, moti tsiku limene mudzagule kamera yatsopano mafailo ake a RAW akhoza kukana kutsekuka. Kuli bwino yaulere yoyera kusiyana ndi yodula yakuba.

Muonenso kompyuta yanu musanalipire. Zida zatsopano zija zimafuna makina amphamvu, ndipo pa laputopu yakale chithunzi chimodzi chimatha kukudikiritsani mpaka kutopa. Ngati mulibe fulashi yabwino yowunikira kapena hard drive yachiwiri yosungira zithunzi za makasitomala, yambani mwagula zimenezo. Ukwati ukatayika pa disiki yowonongeka, Lightroom kapena Photoshop sizingaubwezeretse.

Lightroom amapereka masiku 7 oyeserera. Tengani ntchito imodzi yeniyeni, theka muikonze mu Lightroom, theka mu darktable, muone nthawi imene mwatha uku ndi uku. Polembetsa amafuna nambala ya khadi, choncho ngati simunakhutire muimitse masikuwo asanathe.